Kuika mavidiyo a pakompyuta pa DVD: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amavuta munthu amene ali ndi mavidiyo pakompyuta kapena m'foni, ndipo akufuna chimbale choti wina angochilowetsa m'makina oonetsera DVD, aja ambiri timangoti deki, n'kukhala pansi kuonera. Ntchitoyi ili ndi magawo atatu: kusintha vidiyo kuti ikhale ya mtundu umene deki imaudziwa, kuyala mafayilo m'ndondomeko ya DVD, kenako kuwotcha chimbalecho, kutanthauza kulembamo mafayilowo. Mavuto ambiri amayamba munthu akadumpha magawo awiri oyambawo n'kuthamangira lachitatu.

Ndakopera vidiyo yanga pachimbale. Pakompyuta ikuoneka bwinobwino koma deki ikukana. Ndalakwitsa pati?

Chimene mwapanga si DVD yoonera. Mwapanga chimbale chosungira mafayilo, chimodzimodzi fulashi. Kompyuta sisankha, imatsegula pafupifupi chilichonse chifukwa ili ndi mapulogalamu odziwa mitundu yambirimbiri ya vidiyo. Deki ndi nkhalamba ya chinenero chimodzi. Madeki oyamba anayamba kugulitsidwa ku Japan kumapeto kwa 1996, ndipo kuchokera nthawi imeneyo deki ikalandira chimbale imafuna chinthu chimodzi basi: foda yotchedwa VIDEO_TS yokhala ndi vidiyo ya mtundu wa MPEG-2. Foni yanu imajambula mu H.264, yomwe inabwera mu 2003, kapena mu HEVC, ya 2013. Zonsezi zinabadwa malamulo a DVD atatsekedwa kalekale. N'chifukwa chake deki imazungulitsa chimbalecho kwa kanthawi, kenako n'kulemba kuti No Disc, kapena kukuonetsani dzina la fayilo limene silikutseguka.

Windows imasocheretsanso anthu pamenepa. Mukalowetsa chimbale chopanda kanthu imakufunsani ngati mukufuna kuchigwiritsa ntchito ngati fulashi kapena m'makina a CD ndi DVD. Ambiri amasankha chachiwiricho poganiza kuti nkhani yatha. Ayi ndithu. Kusankha kumeneko kumangokhudza mmene mafayilo alembedwere, vidiyoyo imakhalabe MP4 monga inalili.

Zoona, madeki ena obwera mochedwa amatsegula mafayilo a AVI a DivX ndi Xvid, ena mpaka MP4. Mudzaona zizindikiro zake zitalembedwa kutsogolo kwa dekiyo. Ngati chimbalecho n'chanu nokha ndipo deki yanu imatero, zanu zayera. Koma ngati mukukapatsa munthu amene deki yake simunaionepo, musadalire mwayi umenewo.

Nanga mu VIDEO_TS mumakhala chiyani?

Mafayilo a mitundu itatu. A VOB ndiwo amanyamula zithunzi, mawu ndi zolembedwa za m'munsi, ndipo iliyonse sipitirira 1 GB, choncho filimu imodzi imadulidwa m'mafayilo anayi kapena asanu otsatizana, VTS_01_1.VOB, VTS_01_2.VOB, mpaka kumapeto. A IFO ndiwo mapu: amauza deki poyambira, pamene chigawo chilichonse chili, menyu ili kuti, ndiponso ngati chithunzi chili chotambalala kapena ayi. A BUP ndi makope a ma IFO, osungidwa kuti deki ipeze pogwira ngati pamene pali IFO pakandika. Pambali pake nthawi zambiri pamakhala foda ya AUDIO_TS yopanda kanthu. Isiyeni, siilakwa.

Mafayilo amenewa salembedwa pamanja ndipo mayina ake sasinthidwa. Kutenga MP4 n'kuitcha dzina lothera ndi VOB kuli ngati kulemba dzina la mchere pa chitini cha mchenga.

Ndikhale ndi chiyani ndisanayambe?

Drive (polowetsa chimbale pakompyuta) yotha kulemba DVD, osati yowerenga chabe. Pachitseko chake pamalembedwa DVD-RW, DVD±RW kapena DVD Multi. Malaputopu ambiri a masiku ano sabweranso nayo, koma yolumikiza pa USB imagwira ntchito mofanana. Siyaninso malo okwana 10 GB kapena kuposerapo pakompyuta, chifukwa pulogalamu imayamba yalemba vidiyo yosinthidwa, kenako mafayilo a VOB, nthawi zina ndi ISO (fayilo imodzi yokhala ndi zonse za m'chimbale), zonsezo zili pamodzi. Pomaliza zimbale zopanda kanthu, ndipo pakati pake pakhale chimodzi cha RW, chomwe chimafufutika, choyesererapo.

Ndigwiritse ntchito pulogalamu iti?

Kwa woyamba kumene ndimatchula DVDStyler. Ndi yaulere, imapezeka pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo imachita magawo onse atatu: mumakokera mavidiyo m'kati, kusankha menyu, n'kudina batani lowotchera. DVD Flick ndi ya Windows yokha ndipo inasiya kukonzedwa mu 2009, komabe ikadali yothandiza pa mafayilo a mitundu yakale. AVStoDVD imapereka mpata wosintha zambiri kwa amene azolowera. Pa Linux pali DeVeDe. Yogula yodziwika bwino ndi ConvertXtoDVD. Pa kuwotcha kokhako, ImgBurn ndiyo ambiri amaikhulupirira ngakhale yomaliza inatuluka mu 2013. Ikaona foda ya VIDEO_TS imazindikira yokha kuti iyi ndi DVD yoonera, n'kukuuzani kuti isinthe kalembedwe kukhala ISO9660 ndi UDF 1.02, komwe deki imafuna. Vomerani.

Amene anazolowera Windows DVD Maker adziwe kuti inali mu Vista ndi Windows 7 mokha, kuyambira Windows 8 mulibe. Nayonso iDVD ya Apple inasiyidwa. HandBrake anthu amaitchula kawirikawiri pa nkhani imeneyi, koma njira yake ndi yobwerera: imachotsa vidiyo pa DVD kupita ku MP4 kapena MKV, sipanga VIDEO_TS.

Okonda kulemba malamulo pamanja angagwiritse ntchito FFmpeg motere: ffmpeg -i vidiyo.mp4 -target pal-dvd -aspect 16:9 yatsopano.mpg. Mzere umenewu umatha gawo loyamba lokha. Fayilo ya MPG yotulukayo iyenera kudutsanso mu dvdauthor kapena DVDStyler kuti ipeze ma IFO ake.

Chenjezo limodzi. Mukafufuza pa intaneti mupeza mapulogalamu ankhaninkhani odzitcha aulere. Ena amadikira kuti muthe maola awiri mukusintha vidiyo, kenako n'kukudindirani chizindikiro chawo pakati penipeni pa chithunzi, kapena kudula vidiyoyo pa mphindi zisanu mpaka mulipire. Tengani pulogalamu patsamba la eni ake, ndipo poiika muziwerenga bokosi lililonse musanadine.

PAL kapena NTSC, ndisankhe iti?

Funso limeneli limaoneka laling'ono koma ndi limene limasiyanitsa chimbale chosalala ndi chonjenjemera. DVD imadziwa miyezo iwiri. PAL ili ndi timadontho 720 m'mbali ndi 576 m'mwamba, zithunzi 25 pa sekondi, ndipo ndi ya ku Ulaya, mbali yaikulu ya Africa, India, China ndi Australia. NTSC ili ndi 720 ndi 480, zithunzi 29.97 pa sekondi, ndipo ndi ya ku United States, Canada, Mexico, Japan ndi South Korea.

Lamulo loyamba n'lakuti mutsate dziko limene chimbalecho chikaonetsedwe. Madeki ambiri ogulitsidwa m'mayiko a PAL amatsegulanso NTSC popanda vuto, pamene ambiri a ku America amakana PAL. Choncho chimbale chopita ku Chicago kapena ku Toronto chikhale cha NTSC, palibe zokambirana.

Lachiwiri n'lakuti muone vidiyo yanuyo inajambulidwa bwanji. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi mosatengera dziko. Kuti 30 ikhale 25, pulogalamu imataya chithunzi chimodzi pa zisanu ndi chimodzi zilizonse. Munthu akakhala pampando akulankhula simuzindikira kanthu. Koma kamera ikamayenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, mudzaona mitengo ndi mafelemu a zitseko zikudodoma kasanu pa sekondi iliyonse, ndipo mukangoziona kamodzi maso sasiyanso kuziona. Ine ndikapeza vidiyo ya 30 ndipo ndikudziwa kuti deki ndi TV ya wolandirayo zimalola NTSC, ndimapanga NTSC ngakhale munthuyo ali m'dziko la PAL. Kutaya timizere 96 n'kwabwino kusiyana ndi kudodoma kuja. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imakuuzani chiwerengero cha zithunzi pa sekondi cha fayilo iliyonse.

Musasakanize miyezo iwiriyi pachimbale chimodzi.

Chimbale chimodzi chimalowa maola angati?

DVD ilibe malire a maola, ili ndi malire a malo. Mukhoza kukanikiza maola asanu ndi limodzi, kungoti chithunzicho ndicho chimalipira. Masamu ake ndi awa. Chimbale cha 4.7 GB chili ndi ma megabit pafupifupi 37,600. Gawani nambala imeneyi ndi masekondi a vidiyo yanu, mupeza bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse ipatsidwe.

Maola awiri ndi masekondi 7,200, ndiye sekondi iliyonse ipeza ma megabit 5.2. Mukachotsapo za mawu ndi za menyu, chithunzi chimatsala ndi pang'ono pansi pa 5, ndipo pamenepo chimaoneka bwino. Maola atatu amatsitsa nambalayi kufika pa 3.5, pomwe timabokosi timayamba kuoneka pa zinthu zoyenda msanga, pa madzi, pa utsi, pa masamba ogwedezeka ndi mphepo. Maola anayi ndi 2.6, ndipo nkhope za anthu zimayamba kuoneka ngati zopakidwa phala. Mukakakamizika kufika pamenepo, ndi bwino kutsitsa chithunzi kukhala 352 ndi 576, muyezo umene DVD imaulolanso: chimafewa koma timabokosi timachepa.

Kumwambaku kulinso denga. Chithunzi sichiloledwa kupitirira ma megabit 9.8 pa sekondi, ndipo zonse pamodzi ndi mawu zisapitirire 10.08. Ndiye vidiyo ya mphindi 20 siingadzaze chimbale, ndipo palibe chifukwa choyesera. Pa zimbale zowotcha kunyumba ndimaima pa 8, chifukwa madeki akale amavutika kuwerenga msanga chimbale chowotcha kusiyana ndi chochokera ku fakitale.

Mawu nawonso amadya malo. DVD imalola AC-3, PCM ndi MP2, pa 48 kHz, koma osati MP3 kapena AAC. PCM imadya ma megabit 1.5 pa sekondi, pamene AC-3 ya masipika awiri imakwana pa 0.192 ndipo deki iliyonse imaidziwa. Sankhani AC-3. Ngati pulogalamu yanu ili ndi mwayi wodutsa vidiyo kawiri, uyatseni: ulendo woyamba imaona pamene pali zovuta, wachiwiri imagawa malo moyenera. Nthawi imachuluka koma kusiyana kwake kumaoneka.

Pachimbale alemba 4.7 GB, kompyuta ikuti 4.38. Andibera?

Ayi. Opanga zimbale amawerenga GB ngati mabayiti 1,000,000,000, pamene Windows imawerenga 1,073,741,824. Malo ndi omwewo. Chimodzimodzi chimbale cha 8.5 GB chimaoneka ngati 7.95. Kuti musavutike, foda yanu ya VIDEO_TS isapitirire 4.3 GB monga Windows ikuonetsera. Kumphepete kwenikweni kwa chimbale n'kumene zolakwika zimakonda kuchitika, choncho kusiyako kampata si kutaya.

Vidiyo yanga inali yowala bwino, pa DVD yafooka. Pulogalamuyi ndi yoipa?

Mwina ayi. Vidiyo ya 1080p ili ndi timadontho 2,073,600 pa chithunzi chilichonse. DVD ya PAL ili ndi 414,720, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndendende. Ya 4K ikalowa pa DVD imatsala ndi kadontho kamodzi pa 20 tilitonse. Palibe pulogalamu, yaulere kapena yogula, imene ingalambalale zimenezi, ndipo ikakulonjezani DVD ya HD yosewera m'deki wamba dziwani kuti ikukunamizani. Pa TV yaing'ono, mutakhala chapatali, chithunzicho chimaoneka chabwino ndithu. Pa sikirini yaikulu kufewa kwake sikubisika.

Chimene mungachite n'kusawonjezera kuonongeka. Yambirani pa fayilo yoyambirira yochokera mu kamera kapena m'foni, osati imene yadutsa pa WhatsApp kapena Facebook, chifukwa imeneyo yafinyidwa kale. Kufinya chofinyidwa kale kumatulutsa phala. Sinthani kamodzi kokha, kuchoka pa fayilo yoyambayo kupita ku MPEG-2, osadutsa m'mitundu ina panjira.

Anthu akuoneka aatali ndi oonda, kapena afupi ndi onenepa. Chachitika n'chiyani?

Timadontho ta DVD si tofanana mbali zonse. Chithunzi cha 720 ndi 576 chomwecho chimatambasulidwa kukhala 4:3 kapena 16:9 malinga ndi chizindikiro chimene chalembedwa m'mafayilo. Mukaika vidiyo yotambalala koma chizindikiro n'kunena 4:3, aliyense amatalika ngati nsungwi. Bwererani mu pulogalamu, muone kuti 16:9 yasankhidwa pa vidiyoyo komanso pa chimbale chonse. Musanawotchenso china, yang'anani kaye mu menyu ya deki yeniyeniyo: muli pofunsa ngati TV yanu ndi ya 4:3 kapena 16:9, ndipo madeki ambiri akhala zaka ali pa yankho lolakwika popanda wozindikira.

Mavidiyo ojambulidwa foni ili chilili ndi nkhani ina. DVD siidziwa chithunzi choimirira. Vidiyo yotero imakhala kamzere pakati, kumanzere ndi kumanja kuli bii, ndipo mwa timadontho 720 tija imagwiritsa ntchito tosakwana gawo limodzi mwa atatu. Mukaidula kuti idzaze sikirini, mitu kapena miyendo ya anthu imapita. Kulibwino kuisiya ndi mdima m'mbali. Onetsetsaninso kuti pulogalamu yaiimika bwino, chifukwa mapulogalamu ena akale sawerenga chizindikiro cha foni chonena kumwamba n'kuti, ndipo vidiyo imatuluka itagona cham'mbali.

Mawu akutsalira, milomo ikutsogola. Ndikonze bwanji?

Onani kaye mmene akutsalirira. Ngati kusiyanako n'kofanana kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndi vuto laling'ono: mapulogalamu ambiri ali ndi pokankhira mawu kutsogolo kapena kumbuyo ndi ma millisecond. Koma ngati poyamba zikugwirizana, pakati n'kusiyana pang'ono, kumapeto munthu n'kutseka pakamwa mawu akadamveka, gwero lake kawirikawiri ndi vidiyo imene chiwerengero cha zithunzi pa sekondi chimasinthasintha. Mafoni ndi mapulogalamu ojambula sikirini amachita zimenezi, makamaka malo akakhala amdima. DVD imafuna chiwerengero chokhazikika. Apa ndi pamene HandBrake imathandiza: dutsitsanimo fayiloyo mutasankha Constant Framerate ndi ubwino wapamwamba, kenako yotulukayo ndiyo mupereke ku pulogalamu ya DVD. N'zoona kuti uku ndi kusintha kawiri kumene ndaletsa pamwambapa, koma mawu osagwirizana ndi milomo amatopetsa kuposa kufewa pang'ono kwa chithunzi.

DVD-R, DVD+R, RW, DL: kusiyana kwake n'kotani?

Kamzere ndi kamtanda zinachokera ku mpikisano wa makampani. DVD-R inayamba ndi Pioneer mu 1997, DVD+R inabwera mu 2002 kuchokera ku gulu la Philips, Sony ndi anzawo. Ma drive a masiku ano amalemba zonse, ndipo madeki ambiri amawerenga zonse. Deki ikakhala yakale kwambiri, DVD-R ndiyo ili ndi mwayi waukulu. Ma drive ena amatha kulemba DVD+R moti deki iziiona ngati DVD-ROM ya ku fakitale, ndipo mu ImgBurn zimenezi zili pa Book Type.

Za R zimalembedwa kamodzi. Za RW zimafufutika n'kulembedwanso, n'chifukwa chake ndi zabwino poyeserera, koma sizibweza kuwala kwambiri ndipo madeki ena amazinyanyala. DL ndi ya magawo awiri osanjikizana, 8.5 GB. Imathandiza pa vidiyo ya maola atatu kapena anayi, koma ndi imenenso imakanidwa kawirikawiri, ndipo pamene laser ikusamuka kuchoka pagawo loyamba kupita lachiwiri chithunzi chimatha kuima kamphindi. Mukaigwiritsa ntchito, tengani DVD+R DL ndipo ikani posamukirapo pa malo amene chithunzi chada kapena pasintha nkhani. Ine ndimaona kuti zimbale ziwiri wamba zimapweteketsa mutu pang'ono kusiyana ndi DL imodzi.

Ndiwotche pa liwiro lanji?

Liwiro la 1x ndi pafupifupi 1.4 MB pa sekondi, ndipo limadzaza chimbale m'mphindi 57. Pa 4x ndi mphindi pafupifupi 15, pa 16x zisanu ndi imodzi. Pa chimbale cholembedwa 16x ndimawotcha pa 6x kapena 8x. Kutsika mpaka 1x kapena 2x sikuthandiza, chifukwa utoto wosunga deta wa zimbale za masiku ano unapangidwira liwiro lokwererapo.

Ndinaphunzira izi movutika. Tsiku lina ndinawotcha zimbale khumi ndi ziwiri motsatizana pa liwiro lonse, ndikuthamangira kuti ndizipereke madzulo omwewo. Chilichonse ndinkachilowetsa m'deki, menyu n'kutuluka, mphindi ziwiri zoyamba n'kuoneka bwino, ine n'kuchiika m'kachikwama kake. Patapita masiku mafoni anayamba kulira: kwa uyu chikuima pa ola limodzi ndi mphindi 40, kwa uyo chikudumphadumpha chakumapeto. DVD imalembedwa kuchokera pakati kupita kumphepete, ndipo kumphepeteko n'kumene liwiro limafika pachimake, komwenso utoto wa zimbale zotchipa umakhala wosayalika bwino. Ine ndinkayesa pakati pokha. Chiyambire pamenepo ndimayatsa Verify nthawi zonse, kuti drive iwerengenso chimbale chonse ikatha kulemba, ndipo poyesa m'deki ndimadumphira ku chigawo chomaliza.

Pamene ikuwotcha, isiyeni kompyutayo. Laputopu ikhale pamagetsi, isagone, ndipo drive ya USB isagwedezeke.

Ndingayese bwanji ndisanaononge chimbale?

Uzani pulogalamu kuti ipange foda kapena fayilo ya ISO m'malo mowotcha nthawi yomweyo. Tsegulani zimenezo mu VLC, pulogalamu yoonetsera mavidiyo pakompyuta, dinani mabatani onse a menyu, onani poyamba, pakati ndi pamapeto, mverani ngati mawu akugwirizana ndi milomo. Kenako wotchani pa RW mukayese m'deki yeniyeni, pogwiritsa ntchito rimoti. VLC imakhululuka zolakwika zambiri zimene deki singakhululuke, ndiye kudutsa pakompyuta si umboni wokwanira.

Kodi menyu ndi yofunika?

Ngati pachimbale pali vidiyo imodzi, ayi. Chimbale chimene chimayamba kuonetsa chokha chikangolowa n'chabwino kwambiri kwa okalamba ndi kwa aliyense amene rimoti yake inatayika, chifukwa kutsogolo kwa madeki ambiri kulibe mabatani oyendera mu menyu. Pakakhala mavidiyo angapo, menyu ya tsamba limodzi yokhala ndi zilembo zikuluzikulu ikwana. Musaike mabatani kumphepete, popeza ma TV akale amadula m'mbali mwa chithunzi, ndipo batani losankhidwa lizisiyana mtundu moonekeratu ndi anzake.

Zigawo ndiye musaziiwale. DVD imalola mavidiyo 99 pachimbale, ndi zigawo 99 pa vidiyo iliyonse. Kuika chigawo pa mphindi zisanu kapena khumi zilizonse kumapulumutsa munthu amene magetsi amuzimira ali pakati pa filimu.

Nanga mawu olembedwa m'munsi?

Pa DVD mawu amenewa si zilembo, ndi tizithunzi ta mitundu inayi yokha tosanjikidwa pamwamba pa vidiyo, n'chifukwa chake amaoneka okhakhala m'mphepete. Chimbale chimalola mitundu 32 ya zolembedwa ndi mitundu 8 ya mawu omveka, monga a zinenero zosiyanasiyana. Mukapereka fayilo ya SRT, imene imasunga zolembedwazo, pulogalamu imaisandutsa tizithunzito. Isungeni mu UTF-8, apo ayi zilembo monga ŵ zidzatuluka ngati tizizindikiro tosamveka. Ngati mukufuna kuti aliyense aziwaona popanda kuwafufuza pa rimoti, adindeni pachithunzi penipeni musanasinthe vidiyo, podziwa kuti sadzachotsekanso.

Ndamva za zigawo za dziko. Chimbale changa chikagwira ntchito kunja?

Manambala a zigawo, monga 1 ya United States ndi Canada, 2 ya Ulaya, Japan ndi South Africa, kapena 5 ya mbali yaikulu ya Africa, Russia ndi India, amaikidwa ndi makampani a mafilimu pa zimbale zawo zogulitsa kuti deki ya chigawo china izizikana. Chowotcha kunyumba sichikhala ndi loko ameneyu. Chokhacho chimene chingachikanitse kunja ndi PAL ndi NTSC ija.

Pa za umwini, vidiyo imene mwajambula nokha ndi yanu. Filimu kapena nyimbo za ena zili ndi eni ake, ndipo kuziwotcha n'kumagawa kapena kugulitsa popanda chilolezo n'kuphwanya malamulo pafupifupi kulikonse.

Chimbale chinkagwira ntchito, pano chikudumpha. Chingapulumuke?

Chitembenuzeni muchiyang'ane pa kuwala. Nthawi zambiri ndi zidindo za zala chabe. Pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kumphepete, osati mozungulira, chifukwa kukanda kotsata mzere wa deta kumaononga zambiri motsatizana kuposa kodutsa mopingasa. Ngati munamatapo pepala, mwina ndilo vuto: pepala likapendekeka pang'ono kapena kuyamba kumatuka, chimbale chimagwedera pozungulira. Lembani ndi cholembera cha nsonga yofewa basi. Yesaninso m'deki ina, popeza diso la deki nalo limagwira fumbi ndi kufooka. Chikakanabe, chilowetseni mu kompyuta muyese kukopera VIDEO_TS yonse. Drive ya kompyuta imabwereza kuwerenga pamene deki imangodumpha, ndipo nthawi zina imatulutsa zonse.

Ndikamaliza kuwotcha, ndifufute mafayilo oyamba kuti ndipeze malo?

Ayi, chonde. DVD yanu ili ndi gawo limodzi mwa asanu la chithunzi chimene munajambula, ndipo zotayikazo sizibwerera. Komanso chimbale chowotcha chimasunga deta mu utoto umene umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Chabwino chosungidwa m'kabati chimakhala zaka zambiri, chotchipa chosiyidwa pawindo kapena m'galimoto chimatha kufa msanga, ndipo sichichenjeza. DVD ndi yoonera ndi yogawira anthu. Mafayilo oyamba akhale m'malo awiri osiyana, monga pa hard drive yapadera ndi pa intaneti. Zimbalezo muziziimika m'makesi ake, pamalo ouma ndi amthunzi.

Masiku ano kuli mafulashi ndi intaneti. Kuvutikiranji?

Ngati TV kapena deki ya wolandirayo ili ndi polowetsa USB ndipo imatsegula MP4, fulashi imapereka chithunzi chabwino kuposa DVD popanda ntchito yonseyi. Yesani njira imeneyo poyamba. DVD imapambana pamene munthuyo ali ndi deki yokha, pamene sakufuna kufufuza mafayilo m'mafoda, kapena pamene mukufuna chinthu choti wina sangachifufute mwangozi kapena kuchilowetsa vayirasi.

Ndikufuna makope ambiri a chimbale chomwecho. Ndizibwereza zonsezi?

Kusintha ndi kuyala kumachitika kamodzi. Mukakhutira ndi chimbale choyesera, sungani fayilo ya ISO, ndipo kope lililonse lizichokera pa ISO imeneyo, osati pa chimbale china chowotcha. Mu ImgBurn mumasankha Write image file to disc, n'kuika chiwerengero cha makope, ndipo drive imatsegula chitseko yokha ikafuna chimbale chotsatira. Mukawotcha zinayi kapena zisanu motsatizana, gwirani pamwamba pa drive: ikatentha ipumitseni mphindi khumi. Lembani nambala pa chimbale chilichonse chikangotuluka, kuti wina akadzadandaula mudziwe ngati vuto lili pa chimodzi kapena pa zonse zimene zinawotchedwa motsatana nacho. ISO ija isungeni pamodzi ndi mafayilo oyamba, dzina lake likhale ndi tsiku ndiponso mawu akuti PAL kapena NTSC.